Tamba Hali: wothawa nkhondo amene ankasaka ma quarterback ku Kansas City

Dzina la mzinda wa Kansas City linalowa m'makutu mwa Amalawi ambiri chifukwa cha Temwa Chawinga. Mu 2024 mtsikana wa ku Rumphi ameneyu anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America, kuposa zigoli 18 za Sam Kerr zomwe zinali mbiri kufikira nthawiyo, ndipo nkhani yake inakambidwa pa Chinkhoma, pa Santhe, pa Nkhamenya mpaka ku Chamama. Koma Temwa asanapondeko, mzindawu unali utakonda kale mwana wina wa ku Africa kwa zaka 12. Dzina lake ndi Tamba Hali, wobadwira ku Liberia, ndipo ankasewera mpira wina umene kuno timangouona m'mafilimu: uja wa anthu ovala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa, ogundana ngati akangana. Mmodzi wa eni timu ya Temwa, Patrick Mahomes, ndi katswiri wa mpira umenewu, ndipo mu 2017, chaka chake choyamba ku Kansas City Chiefs, anapeza Hali ali m'chaka chake chomaliza m'timu yomweyo.

Kuti munthu amvetse ntchito ya Hali ayenera kudziwa kaye malamulo ochepa. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri ndipo amaunyamula ndi kuuponya ndi manja. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi woti isunthire kutsogolo mayadi 10, omwe ndi pafupifupi mamita 9. Ikakwanitsa imapatsidwanso mwayi wina kanayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6, kuumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo ndi mapointi 3. Pa wotchi masewerowa ndi a mphindi 60, koma chifukwa choimaima amatha maola atatu.

Mwini nzeru zonse wa timu yokhala ndi mpira ndi quarterback. Iye ndiye amalandira mpira poyamba, n'kusankha woti amuponyere kapena kumupatsira. Kumbali ya otchinga kuli mizere itatu: kutsogolo kuli zimphona zogundana chifuwa ndi chifuwa, kumbuyo kwenikweni kuli anyamata aliwiro olondera olandira mpira, ndipo pakati pali ma linebacker. Wokonda mpira wa miyendo angawayerekeze ndi nambala 6, uja amawononga mapulani a adani asanafike kwa otchinga kumbuyo. Linebacker ayenera kuzindikira m'kamphindi ngati adani athamanga ndi mpira kapena auponya, n'kusankha kupita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo. Ena mwa iwo, oima cha m'mphepete, ntchito yawo yaikulu ndi imodzi: kudutsa munthu wolemera makilogalamu 140 amene waikidwa kuti awatsekereze, n'kukagwetsa quarterback asanaponye mpira. Kugwetsa kotereku amati sack. Amene wachita zimenezi ka 10 pa chaka amawerengedwa m'gulu la akatswiri. Hali anachita ka 89.5 pa moyo wake wonse wa mu ligi ya NFL. Theka lija limabwera anthu awiri akagwetsa limodzi.

Anabadwa pa 3 Novembala 1983. Bambo ake ananyamuka kupita ku America iye ali wakhanda, ndipo anakhala mphunzitsi wa sayansi ku Teaneck, m'dera la New Jersey. Pa 24 Disembala 1989 asilikali a Charles Taylor analowa m'Liberia kuchokera ku Ivory Coast, nkhondo yapachiweniweni n'kuyamba. Gbarnga, tauni imene Hali ankakhala ndi mayi ake, inasanduka likulu la Taylor. Inali nkhondo yodziwika ndi ana onyamula mfuti, ena amsinkhu wa Standade 4. Banjali linkathawira kutchire kukaopsa, linkabwerera kukakhala bata, mpaka linawoloka malire kulowa mu Ivory Coast. Anthu a ku Dedza, Ntcheu ndi Nsanje amene analandira abale a ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980 akudziwa mmene banja lothawa nkhondo limaonekera likamafika.

Mu 1994 bambo aja anakwanitsa kutenga ana awo. Mayi sanaloledwe, chifukwa malamulo olowera m'dzikolo sankawawerengera ngati mkazi wa bamboyo. Mwana wa zaka 10 anakwera ndege kusiya mayi ake m'mbuyo, ndipo anatha zaka 12 osawaona. Pa zaka zimenezo mayiwo anawomberedwapo mwendo, koma anapulumuka.

Gawo lotsatira la mbiriyi ndi limene olemba zamasewero amalidutsa mothamanga, chonsecho ndilo lagwira zonse. Hali anafika ku America osatha kuwerenga, poti nkhondo inali itamudyera zaka za sukulu. Anzake amsinkhu wake anali patali, iye akuyamba kulumikiza zilembo. Ku America mwana sangafike ku NFL podzera m'timu ya m'mudzi kapena ya kampani. Njira imadutsa m'kalasi: asewere ku sekondale, ayunivesite amuone, ndipo amutenge pokhapokha ngati magiredi ake afika pa mlingo woikidwa ndi NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite. Akafikako, magiredi akatsika amamuimitsa kusewera, kaya akhale katswiri wotani. NFL nayo silola munthu kulowa asanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale. Choncho mnyamata uja akanalephera kugonjetsa zilembo, thupi lake la mamita 1.91 silikanamufikitsa kulikonse. Anaphunzira, anasewera ku Teaneck High School, ndipo mu 2002 yunivesite ya Penn State inamutenga, kumulipirira sukulu, chakudya ndi pogona.

Mpira wa m'mayunivesite a ku America si masewero a ana asukulu monga tingaganizire kuno. Bwalo la Penn State, Beaver Stadium, limalowa anthu oposa 106,000, kuposa kuwirikiza kawiri Bingu National Stadium ya ku Lilongwe. Penn State imasewera mu ligi ya Big Ten, ndipo pamenepa anthu a ku Kasungu ali ndi kachibale kawo. Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzira ku Indiana University kenako ku University of Chicago, kumene anatenga digiri mu 1931, ndipo mayunivesite onse awiriwa anali mu ligi yomweyi. Pa nthawi imene Kamuzu anali ku Chicago, timu ya pasukulupo inkaphunzitsidwa ndi Amos Alonzo Stagg, mmodzi wa akuluakulu amene anaumba mpirawu. Mu 1939 yunivesiteyo inathetsa timu yake poona kuti mpira ukusokoneza maphunziro. Mkangano wa kalasi ndi bwalo ndi wakale chomwecho.

Penn State inkatchuka ngati nkhokwe ya ma linebacker, kuyambira Jack Ham mpaka LaVar Arrington, koma Hali sanayambire pamalo amenewo. Mphunzitsi wamkulu Joe Paterno ndi womuthandiza Larry Johnson anamuika kaye pakati pa mzere wakutsogolo, pomwe munthu amangolimbana ndi zimphona ziwiri nthawi imodzi osaoneka n'komwe. Zinali zaka zowawa. Mu 2003 timuyi inapambana masewero 3 n'kugonja 9, mu 2004 inapambana 4 n'kugonja 7, ndipo anthu ankati Paterno wakalamba, apume. M'chaka cha 2004 chomwecho Hali anasamutsidwira kumphepete kwa mzere, kumene liwiro lake linayamba kugwira ntchito.

Usiku wa pa 8 Okutobala 2005 ndi umene anthu a ku Penn State amaukumbukirabe. Ohio State inabwera ku Beaver Stadium, anthu oposa 109,000 ali m'bwalo. Kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, Penn State ikutsogola 17 kwa 10, quarterback wa alendo Troy Smith anali akuyendetsa timu yake kufuna kubweza. Hali anazungulira womutsekereza, n'kumufika Smith kumbali yomwe samayang'anako. Smith anatembenuzika miyendo m'mwamba, mpira unapulumuka m'manja, ndipo Scott Paxson wa Penn State anaugwera. Masewero anathera pomwepo. Smith ameneyu sanali wamba: chaka chotsatira anapatsidwa Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wopambana onse m'mayunivesite. Patatha mwezi Hali anagwetsa quarterback wa Wisconsin kanayi m'masewero amodzi. Anamaliza chakacho ndi ma sack 11, anasankhidwa kukhala wotchinga wakutsogolo wopambana mu Big Ten, ndipo timu ija yomwe inkasekedwa inapambana masewero 11 n'kugonja kamodzi kokha, kuphatikizapo kugonjetsa Florida State 26 kwa 23 m'masewero otsekera nyengo a Orange Bowl.

Oonera analipira polowa, wailesi zakanema zinalipira mamiliyoni, aphunzitsi analandira malipiro awo, koma osewerawo sankaloledwa kulandira ngakhale tambala kupatula maphunziro. Lamuloli linayamba kumasuka mu 2021. Kunali kudyera ana masuku pamutu, ndipo kunatenga nthawi yaitali kwambiri kuti kuthe.

Kulowa mu NFL kumachitika kudzera m'chisankho cha chaka ndi chaka chotchedwa draft. Matimu 32 amasankha mosinthana m'magawo 7, ndipo timu yomwe inachita moipa kwambiri chaka chathacho ndiyo imayamba, kuti ligi isakhale ya olemera okhaokha. Chisankhochi chisanafike anyamata amayezedwa msinkhu, kulemera, kutalika kwa mikono, liwiro pa mayadi 40, ngakhale mabala akale. Mlimi amene anaimapo pa okushoni ya Chinkhoma n'kuona ogula akusolola tsamba m'belo, kulitambasula, kulinunkhiza, kenako n'kutchula mtengo wa thukuta la chaka chonse m'masekondi ochepa, akhoza kumva zimene zimakhala mumtima mwa mnyamata tsiku limenelo. Mwa osewera 100 a m'mayunivesite, amene amasankhidwa sakwana awiri. Mu Epulo 2006 Kansas City Chiefs inatenga Hali pa nambala 20 m'gawo loyamba.

Iye maganizo ake anali kwina. Pa 31 Julayi 2006 anachoka ku kampu ya timu kukalumbira kukhala nzika ya America, chifukwa unzika unkamupatsa mphamvu yoitanitsa mayi ake. Kumapeto kwa Seputembala mayiwo anatera ku Kansas City. Pa 1 Okutobala anakhala m'bwalo la Arrowhead n'kuona koyamba mwana amene anasiyana naye ali ndi zaka 10 akusewera, tsopano chimunthu cha makilogalamu oposa 120 chovala nambala 91. Tsikulo Chiefs inakwapula San Francisco 49ers 41 kwa 0.

Zaka ziwiri zoyamba zinayenda bwino, ma sack 8 kenako 7.5, koma mbali ina chinali chifukwa adani ankaopa kwambiri mnzake Jared Allen amene ankaima mbali inayo. Allen atagulitsidwa ku Minnesota Vikings mu 2008, zinthu zinavuta. Timu yonse inangopeza ma sack 10 chaka chathunthu, chiwerengero chochititsa manyazi m'mbiri ya ligi, Hali anapeza 3, ndipo Chiefs inapambana masewero 2 mwa 16.

Mu 2009 kunabwera mabwana atsopano, Scott Pioli ndi mphunzitsi Todd Haley, amene anasintha kaimidwe ka otchinga. M'malo mwa anthu anayi kutsogolo ndi ma linebacker atatu, anaika atatu kutsogolo ndi ma linebacker anayi. Apa ndi pamene Hali anakhala linebacker. Kusinthaku kumaoneka kochepa kwa woonera, koma kwa wosewera ndi ntchito ina. Munthu amene kwa zaka zonse ankayamba atawerama, dzanja lili pansi, maso pa mpira, tsopano ankayamba ali chiimire. Ankayenera kuwerenga kaimidwe ka adani, kumva zizindikiro za anzake, ndipo nthawi zina kuthamanga chambuyo kukalondera wolandira mpira m'malo mothamangira quarterback. Osewera ambiri abwino anathera pa kusintha kotereku. Hali anapeza ma sack 8.5 chaka choyamba, ndipo mu 2010, pansi pa mphunzitsi wa otchinga Romeo Crennel, anapeza 14.5, kuposa wina aliyense m'chigawo cha AFC. Chiefs inakhala pamwamba pa gulu lake. Mu 2011 anasaina kontrakiti ya zaka 5 ya madola 60 miliyoni, ndipo kuyambira chakacho mpaka 2015 ankasankhidwa chaka chilichonse kupita ku Pro Bowl, masewero a akatswiri a ligi.

Sanali waliwiro kuposa anzake onse, ndiponso sanali wamtali kuposa onse. Chuma chake chinali m'manja ndi m'mapapo. Womutsekereza amafuna kumugwira pachifuwa, ndipo akamugwira nkhani yatha; choncho luso lonse ndi kukankha, kuphaphalitsa ndi kupotoza manja a mnzakeyo asanafike. Hali anaphunzira zimenezi kwa Joe Kim, katswiri wa taekwondo, ndipo ankabwerezabwereza mayendedwe a manjawo m'bwalo masewero asanayambe. Anaphunziranso jiu-jitsu kwa a banja la Gracie. Ankadziwikanso posatopa: ma sack ake ambiri ankabwera mochedwa, quarterback ataganiza kuti ngozi yadutsa. Ndipo sankakhutira ndi kugwetsa munthu, ankamenyanso dzanja logwira mpira, mwakuti maulendo oposa 30 anachititsa mdani kutaya mpira. Justin Houston atabwera mu 2011 awiriwa anakhala mantha a ligi, mmodzi kumanja wina kumanzere; mu 2014 Houston yekha anapeza ma sack 22.

Mbiri yake ili ndi banga. Mu 2012 ligi inamuimitsa masewero amodzi chifukwa chophwanya malamulo a mankhwala ozunguza bongo. Chaka chomwecho chinabweretsa tsoka loposa pamenepo. Pa 1 Disembala linebacker mnzake Jovan Belcher, wa zaka 25, anapha mayi wa mwana wake, kenako anapita ku malo ochitira pulakatisi n'kudziwombera pamaso pa Pioli ndi Crennel. Madokotala atayeza ubongo wake pambuyo pake anapeza zizindikiro za CTE, matenda obwera chifukwa chogundagunda mutu. M'chaka chomwecho Junior Seau, mmodzi wa ma linebacker otchuka kwambiri, anadziphanso, ndipo naye anapezeka ndi CTE. Mu 2017 akatswiri a ku Boston University anayeza ubongo wa anthu 111 amene anasewerapo mu NFL, operekedwa ndi mabanja awo, ndipo 110 anali ndi matendawa. Matenda sachotsa mlandu wa kupha munthu wosalakwa. Koma aliyense wosirira madola a mpirawu adziwe kuti linebacker amagundana ndi munthu pafupifupi nthawi iliyonse mpira ukayamba, ndipo chipewa chimateteza chigaza, osati ubongo wogwedezeka m'kati. Osewera ambiri a NFL satha zaka zinayi.

Hali anatha 12. Mphunzitsi Andy Reid atatenga timu mu 2013, Chiefs inapambana masewero 9 oyamba motsatizana, Hali n'kupeza ma sack 11. Mu Januwale 2016 anagonjetsa Houston Texans 30 kwa 0, kupambana kwawo koyamba m'ndime yochotsana kuchokera mu 1994. Koma maondo anali atatha. Mu 2017 anasewera masewero 5 okha, ndipo mu Malichi 2018 timu inamumasula. Patangotha zaka ziwiri, mu Febuluwale 2020, Chiefs inatenga chikho cha Super Bowl koyamba m'zaka 50, iye ali kunja. Ponyamuka, Derrick Thomas yekha, wa ma sack 126.5, ndi amene ankamuposa m'mbiri ya timuyi. Mu 2024 Chiefs inamulowetsa m'gulu la akatswiri ake olemekezeka.

Kwawo sanakuiwale. Ebola itavuta ku Liberia mu 2014 anathandizana ndi bungwe la Heart to Heart International, la m'dera la Kansas, pa ntchito yokhazikitsa malo othandizira odwala kumeneko. Atasiya mpira anapitiriza ndi zoimbaimba, nyimbo za kumvekedwe ka kumadzulo kwa Africa.

Oyandikana nafe nawo ali ndi ana awo m'mpirawu. Stansly Maponga, wobadwira ku Harare, anadutsa ku Texas Christian University n'kutengedwa ndi Atlanta Falcons mu 2013. Nate Landman, wobadwiranso ku Harare mu 1998, anali linebacker ku University of Colorado. Mu 2022 palibe timu inamusankha pa draft, koma anadzipezera malo ku Falcons ndipo mu 2025 anapita ku Los Angeles Rams. Onsewa, monga Hali, anapita ku America ali ana ndipo anadutsa m'sekondale za kumeneko. NFL tsopano ikubwera yokha ku Africa: motsogozedwa ndi wosewera wake wakale Osi Umenyiora inachititsa kampu yosaka luso ku Ghana mu 2022 ndi ku Kenya mu 2023. Mtundu wopanda kugundana wa mpirawu, flag football, umene wotchinga amangosolola kansalu m'chiuno mwa mnzake, udzaseweredwa pa Olympics ya ku Los Angeles mu 2028. Umenewu sufuna zipewa kapena zovala zodula, ndipo bwalo la sukulu ya pulaimale ndi lokwanira.

Si kuti ana a ku Kasungu akufunika zipewa za ku America, ndipo dongosolo limene linalemeretsa mayunivesite pa thukuta la ophunzira si lotengera lonse. Chofunika kutengera ndi chingwe chija chomanga bwalo ndi kalasi. M'midzi ya kuno muli anyamata ndi atsikana amphamvu amene amanyamula mitolo ya fodya kuchoka kumunda kupita ku chigafa, ndipo ambiri amasowa m'kalasi kuyambira nthawi yothyola mpaka yosoka ndi kusankha. Ena amasiyiratu sukulu n'kumasewera mpira wa bonanza, kulimbirana mbuzi kapena yunifolomu ya wandale, mpaka bondo litathyoka ali ndi zaka 24 alibe satifiketi. Aphunzitsi aakulu a m'bomali, makomiti a sukulu ndi eni matimu a m'madera akhoza kugwirizana pa lamulo limodzi losafuna ndalama: mwana wa msinkhu wa sukulu asalembedwe m'timu iliyonse dzina lake likusowa m'kaundula wa kalasi, ndipo wosewera bwino akatsalira pa kuwerenga, timu yomweyo imupezere womuphunzitsa. Makolo nawonso, nyengo ya fodya ikafika, ana apite kaye kusukulu.